Msulu, Kadzira ndi Mbiya ya Ngumbi

Padangotero, kale nyama zikadaweruza milandu pabwalo, panali Mfumukazi Njiri imene inali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Inamubereka itataya kale mtima, ndiye inkamusunga ngati dzira, mpaka dzinalo linamukakamira. Aliyense ankangomutchula kuti Kadzira. Mwanayu sankaloledwa kugwa, kuda, ngakhale kumva ludzu. Akangoyang'ana mtsuko, madzi afika. Akangoti atsegule pakamwa, Nduna Nkhanga, amene ntchito yake inali yoyankhulira mfumu pabwalo, anali atamuyankhira kale.

Mlendo akati, "Wadzuka bwanji, Kadzira?" Nkhanga ankati, "Wadzuka bwino." Mayi ake akati, "Ukufuna phala kapena mbatata?" Nkhanga ankati, "Akufuna phala."

Mwana anakula, miyendo n'kulimba, mano n'kumera, koma yankho lake pa chilichonse linali limodzi: "Kaya." Musaganize kuti anali wopusa. Nzeru zinalimo, kungoti zinali zisanatumidwepo ntchito. Chikondi chinanso chimalemaza.

M'munda wa mfumukaziyo munali chulu chakale, ndipo m'chulumo munkakhala Msulu ndi ana ake ndi abale ake onse. Msuluyu kanali kanyama kochepa thupi, kothamanga miyendo, koma pakamwa ndiye pankathamanga koposa. Chaka chimenecho ngumbi zinauluka zochepa. Zimene zinagwidwa zinakazingidwa, kuyanikidwa, n'kutsekeredwa m'mbiya yaikulu kwa mfumu. Zinkadikira a Manyanga, mlongo wake wamkulu wa mfumukazi, mwini mbumba, amene ankati abwera mwezi ukaoneka kudzaona mwana wodzalowa ufumu.

Tsiku lina masana Nkhanga anapeza Msulu kuseri kwa nyumba, mphuno ili pakamwa pa mbiya. Anamukokera kwa mfumukazi.

"Umafunanji pambiya yanga?" anafunsa mfumukazi.

"Zikomo mfumu, ndimafuna mwana," anatero Msulu. "Ndamva kuti pano pali mwana wosayankha, ndipo ine ndine mlezi. Kwathu ana amayankha ubweya usanamere."

"Mwana umamufunira m'mbiya?"

"Ana ena amabisala modabwitsa, mfumu."

Mfumukazi inafuna kukalipa, koma mawu akuti mwana wosayankha anaigwira pachilonda. Inkaopa tsiku limene achimwene ake adzafunsa Kadzira pamaso pa gulu, iye n'kungoti kaya.

"Chabwino, mlezi," inatero. "Achimwene akabwera, mwanayu adzawayankhe ndi pakamwa pake. Akadzayankha, chulu chija n'chako mpaka kalekale. Akadzalephera, anyamata anga adzachigumula ndi makasu, ine ndidzalepo maungu."

Msulu anawomba m'manja kuvomera, koma anadziwa kuti wadziika m'mavuto. Ulezi anali asanaupangepo chibadwire. Ana ake ankaphunzira okha pomutsata kumbuyo ali ndi njala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye anaganiza msanga.

"Mundibwereke mwanayu ndizipita naye ku masanje," anatero. "Muzitipatsanso kachikho ka ngumbi ka ndiwo."

"Mwana wa mfumu ku masanje?" anatero Nkhanga. "Akada."

"Madzi alipo, a Nduna."

Mfumukazi inalola, koma inati Nkhanga azipita nawo kukayang'anira.

Atafika kuseri kwa mudzi kumene ana amamanga timisasa tawo n'kumaphika zotolatola, Msulu anagawa maudindo monga mwa mwambo wa masanje.

"Kadzira ndiye mayi wa pakhomo pano. Ine ndine mwana wake woyamba, wopusa uja. Inu a Nduna ndinu khanda."

"Khanda limatani?" anafunsa Nkhanga.

"Limagona pamphasa. Likamva njala limalira. Koma kuyankhula ayi. Khanda loyankhula ndi malodza, ndipo ndikakunenezani kwa mfumu kuti mwachita malodza pamaso pa mwana wake."

Nkhanga anagona pamphasa akung'ung'udza chamumtima.

Dzuwa litakwera, Kadzira anamva ludzu. Anayang'ana uku ndi uku, madzi osafika. Anayang'ana Nkhanga, khanda lili duu.

"Amayi, ndikatunge madzi?" anafunsa Msulu.

"Kaya."

Msulu anatenga lichero, nathamangira kuchitsime, nabwera nalo lili lonyowa koma lopanda madzi. Analiyang'ana modabwa, nalitembenuza, nayambitsa nyimbo. Inali nyimbo ya chitsiru chodandaulira mayi ake kuti chachita zonse bwinobwino koma zinthu zikuchikana, ndipo mzere uliwonse unkathera pofunsa kuti chalakwika n'chiyani. Pamalo polandira, Msulu ankangowomba m'manja n'kukhala chete, kusiya mpata woti wina alowepo. Kadzira analowapo ndi kaya wake uja.

Msulu anapitanso ndi lichero lomwelo, nabweranso chimanjamanja, naimbanso. Ludzu linakula. Kadzira anayamba kulira, koma ku masanje mayi akalira palibe womutonthoza. Atatopa anadzuka yekha n'kumutsatira Msulu kuchitsime. Anaona lichero likulowa m'madzi, likutuluka lodzaza, kenako madzi akuthawira pansi. Anawerama, nasuzumira kunsi kwake, madontho n'kumugwera pamphuno. Msulu anayambitsa nyimbo ija, nawomba m'manja, nakhala chete.

"Likudontha," anatero Kadzira.

"Likudontha? Ndiye ndithamange kwambiri?"

"Ayi, iwe. Lili ndi mabowo."

"Nanga titungire chiyani, amayi?"

Kadzira anaima nthawi yaitali. Msulu anadziwa yankho, lili pamlomo penipeni, koma analimeza. Kenako mwana uja anabwerera kumsasa, nakhuthulira ngumbi patsamba, nabwera ndi kachikho. Madzi amene anamwa tsiku limenelo anamukomera kuposa onse amene anamwapo. Pamene iye ankamwa, Msulu ankatafuna ngumbi za patsamba zija, poti ntchito ya uchitsiru imapweteketsa njala.

M'mawa mwake inali nkhani yophika. Msulu anaika mafuwa awiri okha, nakhazikapo kamphika, kamphika n'kupendekeka, madzi n'kuzimitsa moto. Anaimba nyimbo yake. Anayesanso, kamphika n'kugwanso.

"Ugwirizire," anatero Kadzira.

Msulu anagwirizira, nakuwa kuti wapsa, nakasiya, n'kugwanso.

"Bweretsa chikho," anatero Kadzira, poti dzulo lake chikho ndicho chinathetsa vuto.

Msulu sanatsutse. Anaika chikho pamoto, chikho n'kuyamba kununkha utsi, Kadzira n'kuchilanditsa msangamsanga. Pamphasa paja khanda linali pamavuto. Nkhanga ankadziwa kuti pakusowa fuwa lachitatu, ndipo mawuwo ankamukwera kukhosi n'kubwerera. Anatupa, anagubuduka, analira mokweza monga khanda, akuloza mwala ndi mlomo.

"Amayi, khanda likulira," anatero Msulu. "Mwina m'mimba."

Anamufunditsa chiguduli kumutu. Akuti kuyambira pomwepo mutu wa nkhanga unabiriwira ndipo nthenga za kumutu zinathothoka, chifukwa chosunga mayankho amene sanaloledwe kutuluka.

Kadzira anayesa kusendeza miyala ija pafupi, kamphika n'kugwa. Anayesa kuitalikitsa, kamphika n'kulowa pakati. Anada ndi phulusa mpaka m'makutu. Kenako anaona kuti kamphika kakugwera mbali imodzimodzi, kumene kulibe kanthu. Anakunkhuniza mwala wina, nauika pamenepo, kamphika n'kukhala phee. Anaseka mpaka kugwa chagada, nakachotsanso dala kuti aone kakugwa, nakabwezera, nakachotsanso. Tsiku limenelo sanaphike kanthu, anangokhalira mwala umenewo mpaka dzuwa kupendeka.

Madzulo mfumukazi itaona mwana wake ali mbuu, inagwira pamtima.

"Mwamutani mwana wanga?"

"Amayi, mafuwa amakhala atatu," anatero Kadzira. "Awiri amagwetsa."

Mfumukazi inatembenukira kukhoma kuti anthu asaone misozi ya chimwemwe.

Tsopano Msulu anaona kuti mwana wayamba kufuna gawo lake la ngumbi, ndiye anapeka masewera ena. Anatenga timiphika tiwiri, kakakulu ndi kakang'ono. M'kakakulu anathiramo dothi, m'kakang'ono ngumbi, natseka tonse ndi masamba a nthochi.

"Amayi, sankhani kanu. Kotsalako n'kanga."

Kadzira anasankha kakakulu. Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Msulu anamupatsa. Mwana anatsegula, napeza dothi, nalira, Msulu akutafuna ngumbi pang'onopang'ono akuimba nyimbo yake ya chitsiru, ngati iyenso akudabwa.

Tsiku lotsatira Kadzira anasankha kakang'ono, koma Msulu anali atasinthanitsa. Dothi lomwelo. Apa sanalire. Anakwinya nkhope akuyang'ana timiphika tija. Tsiku linalo asanasankhe anati, "Dikira." Ananyamula kena, nakaika pansi. Ananyamula kenako. Anagwedeza kalikonse pafupi ndi khutu.

"Aka n'kolemera, ndipo sikakulira. Aka n'kopepuka, kakuti wayawaya. Ndatenga aka."

Kuyambira tsiku limenelo Msulu sanalawenso ngumbi ya ku masanje. Anayesa timiphika tofanana, anayesa kusakaniza masamba ouma, koma mwana ankanyamula, kugwedeza, kununkhiza, n'kupambana. Msulu anakondwa, poti chulu chinali kupulumuka. Anadandaulanso, poti m'mimba munalibe kanthu. Ndiye mukudziwa, galu wozolowera kuba mazira sasiya chifukwa wamupatsa udindo. Masana, anthu onse akagona tulo ta kutentha, Msulu ankazembera kuseri kwa nyumba, kulowetsa kadzanja m'mbiya yaikulu ija, kutapa ngumbi, n'kuthira dothi la pachulu pake pansi kuti mbiya izioneka yodzaza. Anatero mpaka ngumbi zinangotsala zophimba pamwamba.

Mwezi unaoneka, a Manyanga anafika. Anali njiri yaikulu, ya mano opindika ndi mawu a gululu. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Anyamata a mfumu anakhala kumbali, makasu ali pamapewa, ndipo ana a Msulu anasuzumira kuseri kwa mtengo akuyang'ana makasuwo.

Kadzira anamukhazika pamphasa pakati pa bwalo, atamusambitsa n'kumudzoza mafuta.

"Mphwanga, mwana wa mlongo wanga," anatero a Manyanga, "ndiuze, mfumu yabwino imadziwika ndi chiyani?"

Kadzira anaona maso onse ali pa iye. Anayang'ana Nkhanga, koma Nkhanga anali atauzidwa kuti akangoyankhula, achotsedwa unduna. Mwana anazyolika.

"Kaya."

"Chabwino, china. Chimene chimamanga mudzi n'chiyani?"

"Kaya."

Mfumukazi inagwetsa nkhope. A Manyanga anapukusa mutu. Anyamata anatsitsa makasu pamapewa n'kuyamba kulavulira m'manja.

Msulu anaganiza msanga. Ankamudziwa mwanayu. Mafunso ouma ngati amenewa sakanamutsegula pakamwa. Kadzira ankayankhula akaona chinthu cholakwika pamaso pake, choti achigwire, achinyamule, achikonze. Msulu anaponya maso pabwalo ponse kufuna cholakwika. Mphasa zinali zoyalidwa bwino, mowa wophikidwa bwino, chilichonse m'malo mwake. Pakhomo ponsepo cholakwika chinali chimodzi chokha, ndipo anachilakwitsa ndi iye mwini.

Anayang'ana ana ake kuseri kwa mtengo kuja. Kenako anagwada.

"Zikomo mfumu. Mlendo safunsa mafunso ndi njala. Mphatso ya a Manyanga ibwere kaye."

Anyamata awiri anabwera ndi mbiya ija akubuula, naikhazika pafupi ndi mphasa ya Kadzira. Msulu anaiyandikira, navala nkhope yake ya ku masanje.

"Amayi," anatero kwa Kadzira, "onani ngumbi zokhazokha, kuyambira pansi mpaka pakamwa. Ndiinyamule ndekha ndikapereke kwa agogo a Manyanga."

Anaikumbatira, nakoka, mbiya osasuntha. Anakankha ndi msana, nagwa chagada, anthu n'kuseka. Kenako anayambitsa nyimbo ya chitsiru ija, kufunsa mayi ake kuti chalakwika n'chiyani. Anawomba m'manja, nakhala chete. 

Kadzira anadzutsa mutu. Anaiwala maso a anthu. Anadzuka, nayesa kukankha mbiya, naika khutu, naigogoda m'munsi ndi m'mwamba.

"Iwe, umu si ngumbi zokha," anatero. "Ngumbi n'zopepuka, zimati wayawaya. Iyi n'njolemera, ndipo pansipa sipakulira. Muli dothi."

Anyamata aja anaipendeketsa. Tingumbi tochepa tinagwa, kenako dothi lofiira linakhuthuka mulu. Anthu anang'ung'udza. Msulu anadumpha msanga.

"Mwamva, mfumu, wayankha ndi pakamwa pake. Nkhani yatha, tiyeni timwe mowa."

"Dikira," anatero a Manyanga, maso ali pa mwana. "Mphwanga, wathiramo dothili ndani?"

Msulu anatsinzinira Kadzira diso, nakhosomola, napukusa mchira. Koma mwana amene wazolowera kunyamula ndi kugwedeza sabwezeka ndi diso. Kadzira anatapa dothi lija, nalifikisa, nayang'ana pakamwa pa mbiya.

"Pakamwapa m'pothina. Dzanja la amayi silingalowe. A Nduna alibe manja. Dothili n'lofiira, la pachulu, ngati la m'timiphika ta ku masanje." Anatembenuka. "Ndi a Msulu."

Kenako anamuyang'anitsitsa Msulu m'maso, monga ankachitira ku masanje akasankha kamphika, kudikira kuti amve ngati walondola.

Apa ndiye panali povuta. Bodza linali lokonzeka kale pa lilime la Msulu. Akanatha kunena kuti ndi chiswe chinakweza dothi, ndipo ambiri akanakhulupirira. Koma akanatero, mwanayu akanamva kuti waganiza bwinobwino n'kulakwabe, ndipo mawa lake akanabwerera kwa kaya wake. Msulu anamva manyazi, koma kunyada kunaposa manyaziwo. Anatsegula pakamwa n'kululuta nthungululu.

"Mwamumva mwana wanga? Dzanja, dothi, chulu, zonse walumikiza yekha. Ndani anamuuza? Ngumbi ndinadya ndine, ndipo zinali zokoma, koma tamverani mmene wandigwirira."

A Manyanga anaseka mpaka mano kugundana.

"Mlongo wanga, mwanayu ndi mfumu. Mbava yandidyera ngumbi, koma mbava yomweyo yandisulira mphwanga. Chulu n'chake, pangano ndi pangano. Anyamata, kasungeni makasuwo."

Ana a Msulu anatuluka kuseri kwa mtengo akudumphadumpha.

"Koma mlandu suola," anapitiriza a Manyanga. "Wa ngumbiwu auweruze mwini wake amene wagwira mbava. Mphwanga, timutani?"

Nkhanga anatsegula mlomo mwachizolowezi. Kadzira anamuyang'ana, Nkhanga n'kutseka yekha. Mwana anaganiza nthawi yaitali, ndipo panalibe amene anamufulumiza. Anaona mayi ake akudzikanda kuseri kwa khutu, kumene nkhupakupa zinkawasautsa chaka chonse, dzanja lawo lalikulu osazifikira.

"A Msulu amakonda tinthu ting'onoting'ono tokukuta," anatero. "Ali ndi kadzanja kolowa pothina. Azidya nkhupakupa za amayi."

Anthu anawomba m'manja. Msulu anakwinya mphuno, poti nkhupakupa si ngumbi, koma anagwada kuvomera.

"Ndatha, mfumu yanga?" anafunsa.

"Ayi. Mawa tipitanso ku masanje. Abwere ana anu, abwerenso ana onse a m'mudzi. Ine ndidzakhala mwana wopusa, nditenge lichero."

"Nanga ine ndidzakhala ndani?"

"Inu ndinu khanda," anatero Kadzira.

Nkhanga anaseka mpaka kugwa pansi, ndipo anabwereka Msulu chiguduli chija.

N'chifukwa chake mpaka lero mukaona njiri itagona chammbali, asulu ali pamsana pake kutola nkhupakupa, musadabwe, akulipira ngumbi za a Manyanga. Ndipo msulu akamayenda ndi kamwana kumbuyo, kamwanako kakulimbana ndi nkhono yosasweka, iye amaima chilili n'kumayang'ana kumbali ngati sakuona. Akuona ndithu, ndipo yankho akulidziwa. Akungochita ukhanda umene anamugamula.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaifukule yekha, ndipo ayambe waigwedeza, mwina muli dothi.